Paipi M'munda wa Eni

Chikamwini chinali chitamukwana Elson. Anachoka kwawo ku Sharpevale kotentha kuja n'kudzakwatira Regina kuno ku Mlangeni kozizira. Zaka zinapita, ana anabadwa, imvi zinayamba kusuzumira m'ndevu, koma pamudzi paja dzina lake linali lomwe lija: mkamwini. Denga la apongozi likadontha, itanani mkamwini. Nkhumba ya alamu ikathyola khola, itanani mkamwini. Koma ikafika nthawi yoti anthu akhale pansi akambe za munda kapena za ukwati wa mwana, mkamwini ankatumidwa kumsika kukagula mchere. Munthu wogula kachewere matumbamatumba, wokweza malole opita ku Limbe, amene pamsika anyamata ankamuvulira zipewa, pakhomo ankakhala ngati wabwereka mpando. Zinkamuwawa, tisabise, zinkamuwawa kwabasi.

Anapempha chitengwa, kuti amutenge mkazi wake akakhale naye pamalo pakepake. Za ku Sharpevale Regina anakanitsitsa: kutentha, udzudzu, madzi amchere, ayi. Nkhani inaima pamenepo mpaka kunabwera Raymond.

Raymond uyu ndi mwana wa m'boma lomwe lino, amene anapita ku Lilongwe ali wowonda n'kubwerako ndi chigalimoto, chimimba ndi kampani. Anagula chitunda cha kuseri kwa msika, chamiyala, chimene ngakhale mbuzi zinkachinyoza. Anachidula mapuloti n'kuchitcha Mudzi Wamakono wa Tisunge, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti kudzakhala madzi, magetsi ndi misewu. Elson anagula woyamba, osanenerera n'komwe mtengo.

Yankho la chitengwa linachokera kwa a Chrispine, mlongo wamkulu wa Regina, mwinimbumba, amene mawu awo ndiwo ankatseka nkhani iliyonse pamudzipo.

"Alamu, sitikukanizani," anatero akusenda chinangwa. "Koma mlongo wathuyu khosi lapindika ndi ndowa, chitsime chili kudambo uko. Sitingamuchotse pa ndowa ya kuno n'kukamusenzetsa ndowa yokwera nayo phiri. Tsiku limene madzi adzatuluke pampopi kunyumba kwanuko, mutengeni. Ifenso tidzakuperekezani ndi ngoma."

Regina anagwedeza mutu kuvomera, ndipo Elson anaona kuti mkazi wake akufunadi. Anayamba kumanga chilimwe chomwecho, njerwa zowotcha, khonde loyang'ana kumsewu kuti odutsa azimuona atakhala.

Tsiku loyambitsa ntchito ya madzi kunali zinthu! Khonsolo inatumiza Steve, woona za madzi ndi misewu pakatauni kathu, bwana wa nsapato zosongoka amene ankayenda m'fumbi monyang'ama. Iye ndi Raymond anagwirana chanza nthawi yaitali kudikira wojambula, kenako anauza anthu kuti ntchitoyi agawana pakati, mwachibale. Khonsolo ikoka paipi kuchokera kumsika kudzafika m'mphepete mwa msewu, pamene malire ake athera. Kampani iyala mapaipi ake kuyambira pa bikoni, mwala wa simenti wosonyeza malire ake, kukwera chitunda, khomo ndi khomo. Anthu anaomba m'manja, Elson kuposa onse. Panalibe ngakhale mmodzi wofunsa kuti nanga pakati pa msewu ndi bikoni pali chiyani. Panali munda wa kachewere, wautali ndithu, wotsetsereka kuchoka m'tsinde mwa chitunda mpaka kumsewu, ndipo cham'mbali mwake, kumunsi, munali nyumba za apongozi ake a Elson.

Aliyense anagwira gawo lake, pamenepo sitingawanamizire. Khonsolo inakwawa nayo paipi yake mpaka m'mphepete mwa msewu, n'kuitseka kukamwa, osapitirira ngakhale chala. Raymond anayala timapaipi take pachitunda n'kuimika mipopi yonyezimira m'mapuloti mopanda nyumba, mbuzi zinapeza podzikandira. Mapaipi awiri aja anangokhala choyang'anizana, munda uli pakati.

Elson anayamba ulendo wa njinga yamoto. Anapita kwa Steve.

"Bambo, ndalama za khonsolo ndi za anthu onse," anatero Steve akupukuta nsapato ndi mpango. "Titenge msonkho wa mayi wogulitsa tomato tikakometsere bizinesi ya Raymond? Mapuloti wagulitsa, phindu wadya. Akoke yekha paipi."

Zomveka. Elson anakamupeza Raymond ali m'galimoto, galasi atatsitsa theka.

"Madala, madzi akayamba kutuluka, bilu muzidzalipira kwa ine? Msonkho wa nyumba zanu uzidzabwera kwa ine? Wodzakama ng'ombe ndiye amange khola. Ine kunja kwa bikoni ndilibe ngakhale mwala."

Zomvekanso. Koma abale, anthu awiriwa ankadziwa kulankhula! Ukachoka kwa uyu unkachoka utakwiyira uyo, ukachoka kwa uyo unkabwera utakwiyira uyu, petulo akungotha. Anzake ogula mapuloti sakanamuthandiza, chifukwa ena anali ku Lilongwe, ena ku Joni, anangogula kuti malo adzakwere mtengo, ndipo ludzu la ku Mlangeni silinkawafika. Pachitunda chonse nyumba inali imodzi, ya Elson, yopaka laimu, yokhoma ndi loko. Paja akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mnzathuyu ankanyowa dzuwa likuswa mtengo.

Elson anawavutitsa mabwana awiri aja mpaka anatopa naye. Tsiku lina masana anakumana onse atatu m'mbali mwa munda uja, ndipo mabwana aja anaonetsa mtima wawo wabwino. Steve anakumbukira kuti kuseri kwa ofesi kuli mapaipi otsala amene akungowauka ndi dzuwa. Raymond anati pulambala wake akhoza kudzalumikiza, tsiku limodzi silingamuphe.

"Nanga kukumba ngalande?" anafunsa Elson.

"Aa, bambo, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero Steve, ndipo awiriwo anaseka.

Kenako Raymond anatambasula dzanja kuloza mizere ya kachewere, yobiriwira, ili pamaluwa.

"Bwana landilodi, mundawu mwini wake tingamupeze kuti?"

Tsono apa mumvetse bwino. Munda umenewo Elson anaulima kuyambira chaka chimene anakwatira. Mbewu ankagula ndi iye, feteleza ndi iye, matuza m'manja anali ake. Koma kuno munda ndi wa mbumba, umatsata mkazi, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndipo mkamwini angalime mpaka msana kuthyoka, sungasanduke wake. Zimenezi aliyense amazidziwa. Raymond ankazidziwa, mayi ake enieni ali ndi minda yawo cha ku Nzama uko, bambo ake akulima mwaulemu. Steve nayenso sanagwe kumwamba.

Koma landilodi! Chibadwire Elson anali asanaitanidwepo choncho, ndipo mawuwo anamulowa ngati kachasu wa m'mawa.

"Ndimalima ndine," anatero.

"Ndiye kuti ndi wanu?"

Akanatha kunena kuti dikirani ndikafunse alamu. Mawu ake ndi ochepa, sathyola lilime. Koma kukafunsa alamu, mabwana awiri akumva, atangomutcha kumene landilodi? Komanso mumtima ankadziwa kuti a Chrispine akangomva, nkhani idzakhala ya miyezi.

"Wanga. Nanga ungakhalenso wa yani?"

Steve anayang'ana mitambo. Raymond anayang'ana foni. Chilolezo chaulere chitapezeka, panalibe wofuna kuchifunsa kawiri.

Sabata yomweyo mudzi wonse unanyamuka kupita ku Nzama kukamanga chiliza cha malemu malume awo, ndipo mkamwini anasiyidwa kuti aziyang'anira nkhumba, monga mwa masiku onse. Elson anaona kuti Mulungu wamutsegulira njira. Anatenga aganyu kumsika, anakoka chingwe kuchokera kumsewu mpaka pa bikoni, n'kuwauza kuti atsate chingwe, asaone china. Makasu anadula mizere pakati, timbatata tating'ono ngati mazira a nkhunda tikuuluka uku ndi uku. Zinamuwawa pang'ono, poti feteleza anali wake, koma anadzilimbitsa mtima. Eni mudzi akabwera adzapeza madzi akutuluka kale, ndipo ndani angakwiyire madzi? Pulambala analumikiza, aganyu anakwirira. Koma Steve anakana kutsegula madzi tsiku wamba, anati pafunika mwambo, ndipo wojambula anali atapita ku ukwati.

Choncho eni mudzi pobwera sanapeze madzi. Anapeza chipsera chofiira chitadula munda kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. A Lufina, apongozi ake a Elson, anangokhala pansi pomwepo, manja kumutu.

"Bambo a Chiso, mwachita chiyani?" anafunsa Regina chapansipansi, ndipo Elson sanathe kumuyang'ana.

A Chrispine sanakalipe. Bola akanakalipa! Anayenda pang'onopang'ono kutsata chipsera chija, manja kumbuyo, kukafika pa bikoni n'kubwerera, akuseka okha. Kenako anatumiza mawu kwa mabwana onse awiri kuti abwere mawa, apo ayi afukula mapaipi awo awadule akhale momwera nkhuku.

Anabweradi, m'galimoto imodzi. Mipando inaikidwa pakhonde pa a Lufina, amayi a pamudzi anayala zitenje pabwalo, ndipo Elson anakhala pa chitsa cha kumapeto. A Chrispine anafunsa mwaulemu kuti chipukuta misozi cha kachewere ndi cha nthaka apereka ndani.

"Mapaipi ndi athu, inde," anatero Steve, "koma tinangopereka ngati mphatso. Ntchito ndi ya kampani."

"Pulambala wanga anangothandizako," anatero Raymond. "Kunja kwa bikoni n'kwa khonsolo."

Anakankhirana choncho kwa kanthawi, ndipo atazindikira kuti a Chrispine sakutopa, kwa nthawi yoyamba chiyambire anagwirizana chimodzi.

"Komanso ife mwinimunda anatiloleza."

"Ooo, mwinimunda!" A Chrispine anatembenuka modabwa. "Amayi, munakumana nawo mabwanawa?"

"Ine ayi," anatero a Lufina.

"Regina, kapena iwe?"

Regina anangowerama.

"Ndiye mwinimunda wake uti? Mutionetse, abwana, nafenso timudziwe. Mwina takhala tikudya mbatata za munthu osamuthokoza."

Palibe analoza, koma maso onse anapita pa chitsa. Mayi wina anayamba ndi kutsokomola, mnzake analephera kupirira, ndipo phwete linagwa pabwalo lonse. Elson anamva thukuta likutsika m'msana kuzizira konse kuja. Anafuna nthaka itseguke, koma nthaka yake itinso, poti ndi ya eni.

"Mkamwini asamakule mwendo, alamu," anatero a Chrispine kuseka kutatha. Anatembenukira kwa alendo. "Ndalama mwakana nonse, ndamva. Paipi ikhale, sitifukula. Koma madzi sangadutse m'munda mwathu osatipatsa moni. Muiboole paipiyo, mutiikire mpopi pano pabwalo."

Iii, mukanaona mmene nkhope za mabwana zinawalira! Steve anati imeneyo ndiye nzeru, khonsolo imakonda chitukuko cha kumudzi. Raymond anati kampani yake ndi ya anthu. Nanga paipi yopatukira kumudzi, ndi mpopi wake, agula ndani? Maso anabwereranso pa chitsa paja.

Elson anakagula zonse m'sitolo ya Kareem pamsika, ndipo ngalande yachiwiriyi anakumba yekha, popanda waganyu, akazi a alamu ake akumuuza pokhota. Anameza zonsezo. Ankadziuza kuti manyazi sapha, kampopi kamodzi sikangamalize madzi, atsegule basi, madzi akwere chitunda, iye atenge mkazi wake azipita. Akadzakhala pakhonde pake tione ngati kudzafike wina womutuma mchere.

Mwambo wotsegulira unachitikira pabwalo pa a Lufina, poti kuchitunda galimoto sizikanakwera, za msewu anali asanagawane. Wojambula anakonzeka. Steve anagwira mpopi mbali iyi, Raymond mbali iyo, n'kupotokola limodzi. Mpopi unatsokomola, unalavula matope, kenako madzi anati phwaa, oyera, amphamvu, mpaka kunyowetsa nsapato zosongoka zija. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. A Lufina anatunga m'manja n'kusamba kumaso, misozi ikusakanikirana ndi madzi.

Elson sanadikire zokamba. Anathamanga kudutsa m'munda, kupitirira bikoni, kukwera chitunda, mtima uli m'mwamba. Anafika pampopi wa pakhomo pake akupuma mwawefuwefu, n'kutsegula. Unangoti fyoo, kamphepo, n'kukhala chete. Anatseka, anatsegulanso. Anaugogoda ndi mwala. Anagwada n'kuyamwa, bambo wamkulu wa ndevu zake, ndipo m'kamwa munangobwera fungo la pulasitiki. Kumunsi nthungululu zinali zikumvekabe.

Anatsika n'kuwapeza mabwana akumwa madzi m'makapu kuti awajambule.

"Kumtunda sakutuluka," anatero.

"Aa, kumtundako ndiye sangakwere okha," anayankha Steve ngati akunena za nyengo. "Pafunika pampu ndi thanki. Koma zimenezo zikhala m'kati mwa bikoni, ndiye mufunse a Raymond."

"Mphamvu ya madzi ndi ya mwini madzi," anatero Raymond. "Ine ndinalonjeza mapaipi, ndipo mapaipi alipo, mwawagwira nokha. Akabweretsa madzi ofooka ndi vuto langa?"

"Komanso pampu imafuna magetsi," Steve anaonjezera.

"Eya, ndipo za magetsi sitinayambe n'kugawana komwe. Limenelo ndi gawo lachiwiri, madala. Dekhani."

Anamusisita paphewa, wina uku wina uku, n'kukwera galimoto.

Elson anadekha, nanga akanatani? Anayambiranso maulendo ake, koma tsopano Steve ankakhala ali ku msonkhano, ndipo galasi la Raymond silinkatsikanso. Anafunsa mtengo wa pampu ndi thanki kwa Kareem, ndipo atamva anangotsanzika. Anapita kwa a Chrispine kukapempha kuti azitunga madzi m'zigubu n'kumakweza panjinga yamoto, Regina sadzasenza kanthu.

"Tinati pampopi, alamu," anatero a Chrispine. "Kapena ndinanena mokuluwika?"

Mvula ili pafupi, m'mawa wina, anamupeza Regina akutsukuluza zovala pampopi paja. Pambali pake anali atadzala kale timasamba ta mpiru, pamene madzi ankatayikira. Khosi lake linali litawongoka, Elson anaona yekha, ndipo anakondwa ndi kupsa mtima nthawi imodzi.

"Mayi a Chiso, nyumba ija ikungokhala. Mukanena inu kuti tiyeni, alamu sangakumangeni chingwe."

Regina anafinya malaya, anawakung'untha, n'kuwaponya m'beseni.

"Ndinkafuna kupita, Mulungu akudziwa," anatero. "Koma ine ndinkathawa ndowa, bambo a Chiso. Inu ndi amene mumathawa abale anga. Ndikwere phiri ndikayambirenso kupempha madzi kwa amayi anga omwe?"

"Gawo lachiwiri likubwera."

"Libwere. Lidzatipeza." Anatseka mpopi n'kumuyang'ana, mopanda mkwiyo, ndipo kupanda mkwiyoko ndi kumene kunamulasa. "Nyumba yathu ino udzu waola, ana adzanyowanso ngati chaka chatha. Malata ali kumtunda aja akufunditsa abuluzi. Kawazuleni tifolere ino."

Elson anakweza maso. Anayang'ana chitunda, anayang'ana mitambo imene inkasonkhana cha kumalire a Mozambiki, anayang'ana denga limene ana ake ankagonamo.

M'mawa mwake anakwera chitunda ndi hamala, a Chrispine akumutsatira atasenza makwerero, poti ntchito ya pamudzi ndi yothandizana. Elson anakwera padenga la nyumba yake, imene anali asanagonemo ngakhale kamodzi, n'kukola msomali woyamba. Unalira potuluka. Makwerero anagwedezeka pang'ono pamene ankatsitsa lata loyamba, ndipo a Chrispine anawagwira mwamphamvu ndi manja onse awiri.

"Pang'onopang'ono, alamu, mungagwe," anatero. "Mkamwini wathu ndinu nokha, tilibe wina."